Nambala 27 pa Mkono wa Mwana wa Eni

Pleven, 2 Malichi 2023

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino ku Bologna kumeneko, ndiponso kuti agogo mukuwasamalirawo asiya kubisa mankhwala pansi pa pilo. Ife tili bwino, mkamwini wanu Plamen akadali paulendo ndi lole yake. Ndasankha kalata osati foni, chifukwa pafoni mumandidula mawu nkhani isanafike pakati.

Mukudziwa kuti Lolemba ndikuyamba ntchito ku famase, ndipo abwana anandiuza mosapsatira kuti malowo sangandisungirenso kachitatu. Mukumudziwanso mdzukulu wanu Bilyana. Zaka zinayi, koma amamatirira pa siketi yanga ngati chisoso. Mu Sepitembala tinamuyesa kusukulu ya mkaka, analira mpaka kusanza, tinakamutenga. Munthu wachilendo akamulankhula, amangoyang'ana nsapato zake. Chomwe sindinakuuzeni n'chakuti uthenga wokana ntchitoyo ndinali nditaulemba kale, unangotsala kutumiza.

Dzulo ndinati ndiyese komaliza. Tinapita ku sitolo yaikulu ija ya kunja kwa tauni kukagula masilipasi ndi kabulangete ka kusukulu. Pakhomo pake pali chipinda chosungiramo ana makolo akamagula zinthu, ola limodzi. Poti linali tsiku loyamba la Malichi, pamkono pa Bilyana panali martenitsa zisanu ndi imodzi, tizingwe tija timavekana pofunirana thanzi la chaka chonse, ulusi wofiira ndi woyera mpaka m'chigongono, kuphatikizapo yanu ija munatumiza.

Mtsikana woyang'anira anawo, dzina lake Gergana, anandilembetsa fomu, n'kutiveka tizibangili ta pulasitiki ta nambala 27, kena ine kena mwana.

"Nambala zikasiyana mwana satuluka, mayi, olo mubwere ndi wansembe," anatero.

Bilyana anandigwira chijasi mwamphamvu. Ndinamuchotsa chala chimodzichimodzi n'kumupereka.

Amayi, musandiseke. Sindinapite kumasilipasi ayi. Ndinakabisala kuseri kwa shelefu ya mapoto, makutu ali ku chimkuzamawu, kudikira kuti aitane mayi wa nambala 27. Ndinagwira poto mmodzi kwa mphindi makumi awiri, mpaka wogulitsa anandifunsa katatu ngati ndapeza chilema pa potoyo. Chimkuzamawucho chinkangolengeza za mafuta otsika mtengo. Kenako ndinatola zomwe ndinadzera mothamanga, n'kubwerera mtima uli m'mwamba.

Gergana anayang'ana mkono wanga, anayang'ana wa Bilyana, nkhope inagwa. Ine 27, mwana 31. Nambala yanga anaipeza pa kamnyamata konenepa, chokoleti kukamwa konse. Pambali panga panaima bambo wachikulire wa chipewa, atatambasula mkono wa nambala 31. Mtsikanayo atafufuza ana ena, anapeza kuti mwa asanu ndi atatu, mmodzi yekha ndiye anali ndi nambala yake. Apo n'kuti makolo atayamba kuunjikana ndi matumba awo.

"Lamulo ndi lamulo, mayi," anatero bambo wa chipewayo. "Mtengeni Momchil, ndi wanu tsopano. Koma ndikuchenjezerenitu, zitumbuwa za banitsa ziwiri sakhuta nazo ameneyo. Ine nditenga kamtsikanaka, kakuoneka kosawononga chakudya."

"Agogo inu, musandigulitse!" anakuwa Momchil.

Anthu anafa nacho chiseko, kupatula Gergana, yemwe misozi inali pafupi poopa abwana ake.

"Ana inu, wayambitsa zimenezi ndani?" anafunsa.

Anawo anayang'anana. Kenako ndinamva kamawu kamene ndimakamva kunyumba kokha.

"Ndine, anti."

Amayi, anali Bilyana wathu, atayima pakati pa chipinda, akuyang'ana munthu wachilendo m'maso.

"Ndinagawa martenitsa zanga zonse," anapitiriza. "Momchil anabwera zitatha, ndiye ndinamuveka iyi ya nambala. Nayenso wandiveka yake. Mukufuna adwale chaka chonse?"

Ana enawo ataona, nawonso anayamba kuvekana zibangilizo n'kumafunirana thanzi, monga timachitira tonse tsiku limeneli. Gergana anaseka mpaka kukhala pa kampando ka ana. Pamapeto pake anatenga mafomu ndi ziphaso zathu, n'kumatibwezera ana mmodzimmodzi potchula mayina. Agogo a Momchil potuluka anandiuza kuti ndataya mwayi, mnyamatayo akanadzandithandiza kunyamula mbatata.

Ndinagwada kuti ndimukumbatire mwana wanga. Mukudziwa chomwe ananena?

"Amayi, mwabwereranji msanga?"

Zinandibaya, sindinama. Zaka zinayi ndakhala ndikudandaula kuti sandipatsa mpata ngakhale wosamba, koma dzulo ndinachita nsanje ndi kamnyamata ka chokoleti kukamwa. Komabe chimwemwe chinaposa. M'basi anandifunsa kuti kusukulu kuli ana angati, nditati mwina makumi awiri, anawerenga zala n'kunena kuti ulusi wake sukwana. Tinatsikira pamsika n'kugula martenitsa makumi awiri ndi ziwiri, ziwirizo za aphunzitsi. Ndamuuza kuti tsiku lake ladutsa, iye akuti anawo sakhumudwa. Uthenga uja ndaufufuta, Lolemba ndikavala yunifolomu.

Ndikupepeseni chimodzi. Martenitsa yanu ija, imene munaluka ndi manja anu, ili pamkono pa kamtsikana kena kamene ngakhale dzina sitikukadziwa. Musakwiye, inapita ndi mtima wonse. Ngati mungathe, titumizireni majuzi awiri a thonje, poti akuti kusukuluko kumatentha ndipo aubweya aja amamuyabwa.

Pali china. Dzulo pomusiya pakhomo paja sindinatembenuke, ngakhale ndinamva akundiitana. Ndinadziwa kuti ndikangocheuka ndimutenga, basi zathera pomwepo. Ndili kuseri kwa mapoto aja ndinakumbukira tsiku munakwera basi ya ku Italy, ine ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndikukuitanani pa siteji, inu osacheuka. Ndakusungirani mkwiyo umenewo zaka zonsezi osakuuzani, ndimayesa simunamve chisoni. Ine mphindi makumi anayi zokha ndinatsala pang'ono kufa. Ndikhululukireni, Amayi.

Bilyana akupereka moni, akuti mukadzabwera pa Pasaka adzakuperekezani kuchipinda chija, mukasewere iye akukagula zinthu. Azakhali a Tsveta akuti mawondo awo akadali omwewo. Muvale zofunda, mudye bwino, ndipo mukawerenga kalatayi mundiimbire. Ulendo uno ndikhala chete, mulankhule ndinu.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Desislava