Mlandu wa Mayi Alile Owoloka Mlatho Usanatsegulidwe

KOMITI YA MLATHO WA PA MTSINJE WA KADZIMETE, KU CHONGONI

Tsiku: Lachitatu, 17 Januwale 2024
Malo: Kalasi ya Sitandade 8, pasukulu ya pulayimale ya kwathu kuno

OPEZEKA
Bambo Zikhalo Gervazio, kalaliki wopuma wa za nkhalango (Wapampando)
Bambo Samuel Dorika, mphunzitsi wamkulu wopuma (Wachiwiri)
Mayi Rute Mcdonald, eni golosale, azakhali a mlendo wolemekezeka
Mayi Sophie George, mphunzitsi (Mlembi)
Bambo Ezara Mandla, mlimi wa mbatata ya kachewere

WOITANIDWA: Mayi Kristina Alile

OSAPEZEKA: Bambo Stefano Alile, mmisiri amene anamanga mlathowu (ali m'chipatala)

1. KUTSEGULA
Msonkhano unayamba 2:40 m'malo mwa 2 koloko. M'kalasimo munali mpando wotsamira umodzi wokha, ndipo Wapampando anapeza a Dorika atakhalapo. A Dorika anati mpandowo anaukhalira zaka khumi ndi zinayi ali mkulu wa sukuluyi. Wapampando anati dzina la udindo wawo likunena lokha amene ayenera kukhalapo. A Dorika anasamukira pa desiki ya ana, mawondo ali panja. Mayi Alile sanapatsidwe pokhala, ndipo anakhala pansi pafupi ndi chitseko. A Mandla anapemphera.

2. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPITAWO
A Dorika anadandaula kuti dzina lawo linalembedwa pansi pa la a Mandla, amene sukulu anailekeza Sitandade 4. Mlembi anafotokoza kuti analemba motsata mmene anthu analowera. Komiti inalamula kuti mayina azilembedwa motsata ulemu. A Mandla anafunsa kuti ulemuwo auyezera pa sikelo ya ndani. 

3. TSIKU LOTSEGULIRA MLATHO
3.1 Wapampando anakumbutsa kuti mlatho unatha kumangidwa pa 2 Disembala, ndipo komiti inautseka ndi nthambi za minga mbali zonse ziwiri. Woyamba kupondapo ayenera kukhala mlendo wolemekezeka, Bwana Godfrey Mcdonald, mwana wa konkuno, wamalonda a matabwa ku Lilongwe, amene anapereka simenti. Bwanawo asintha tsiku katatu.

3.2 A Mandla anati mtsinje wadzaza. Ana asukulu akuwoloka madzi a m'chiuno, yunifolomu ili pamutu, mlatho akuuona. Iwo eni a Mandla, sabata yatha, thumba la kachewere linawapulumuka pakati pa mtsinje, likupita kumsika wa ku Linthipe.

3.3 Mayi Mcdonald anati mwana wa achimwene awo amadya ndi akuluakulu, sangafulumizidwe ngati woyendetsa kabaza. Anaonjeza kuti madzi a m'chiuno sanayambe chaka chino.

4. MLANDU WA MAYI KRISTINA ALILE
4.1 Wapampando anati Lolemba pa 8 Januwale m'mawa, Mayi Alile anachotsa minga ndi kuwoloka mlatho akukankha njinga, anthu akuona, motero ananyozetsa komiti ndi mlendo wolemekezeka.

4.2 Mayi Alile anavomera. Anati m'mawa umenewo amuna awo, a Stefano, analumidwa ndi mphiri kumunda akubandira chimanga. Pofika nawo kumtsinje, mwendo unali utatupa mpaka m'bondo, ndipo anali atasiya kuyankha akawaitana. Anati: "Ndinawamangirira panjinga ndi chitenje. Ndinayang'ana madzi, ndinayang'ana mlatho umene amuna anga omwewo anamanga. Minga ndinaichotsa ndi manja, onani." Anaonetsa zikhatho. Wapampando anati zikhatho sizili pa mndandanda wa zokambirana.

4.3 A Dorika anati palibe akutsutsa za njoka, koma munthu wodziwa mwambo akanayamba wapempha chilolezo kwa Wapampando. Mayi Alile anayankha kuti: "Pepani aphunzitsi, dimba la a Wapampando, kumene anali tsiku limenelo, lili kutsidya. Ndikanawolokera pati pokapemphapo?"

4.4 Mayi Mcdonald anati bwana sangaponde pamene padutsa tayala lamatope. Anapempha kuti Mayi Alile atsuke mlatho ndi sopo, ndipo tsiku lotseguliralo adzagwade pamaso pa bwana ndi kupepesa. A Dorika anagwirizana nazo.

4.5 Mayi Alile anati kugwada sikuwavuta, mawondo awo anazolowera m'miyezi inayi imene ankatola miyala ya mlathowu. Anangopempha kuti asadzagwade okha. Atafunsidwa tanthauzo lake, anati Lamlungu pa 31 Disembala anaona Wapampando, atavala suti, akukweza minga ndi ambulera n'kuwoloka kupita ku Misa. Wapampando anati kumeneko sikunali kuwoloka koma kuyendera ntchito. A Mandla anafunsa kuti ntchitoyo yayenderedwa kangati. Mayi Alile anati Lamlungu lililonse, popita ndi pobwera.

4.6 A Dorika anaseka mpaka kutsokomola, ndipo anauza mlembi kuti asasiye liwu ndi limodzi lomwe. Mayi Alile anati aphunzitsi nawonso amadutsa, koma chokwawa, kunsi kwa minga, ndipo chigamba chimene chili kumbuyo kwa jekete lawo chinachokera pamenepo. A Dorika anauza mlembi kuti asiye kulemba. Mlembi anali atalemba kale.

4.7 Mayi Mcdonald anati phazi lawo silinapondepo, amene amadutsa ndi katundu wa golosale ndi antchito awo, ndipo antchito sawerengedwa. Mlembi, atafunsidwa, anavomera kuti anadutsa kawiri. Zinapezeka kuti a Mandla okha ndiwo sanadutsepo kapena kudutsitsapo katundu. Iwo anati: "Ndiye kuti chitsiru m'komiti muno ndine ndekha. Ndimakukhulupirirani." Anapempha kuti mawuwo alembedwe.

5. KUIMBIRA MLENDO WOLEMEKEZEKA
5.1 Wapampando anati nkhaniyi yakula, aigamule ndi bwana mwini. Mayi Mcdonald anaimba pa foni yawo n'kuikweza kuti onse amve. Wapampando anaimirira, anamanga batani la jekete, anavula chipewa. Foni inayankhidwa kachitatu.

5.2 Wapampando anapereka moni kwa mphindi ziwiri, n'kunena kuti pali vuto pa mlatho. Bwana Mcdonald anafunsa kuti: "Mlatho uti?" Atakumbutsidwa anati: "Aaa, kaulalo kaja? Kodi simunayambe kuyendapo? Yendanipo madala, mukudikira chiyani? Ine ndibwera mvula ikatha, galimoto yanga siyenda m'matope. Ndani mukulankhulanu?" Wapampando anatchula dzina lawo ndi maudindo awo onse, koma foni inali itadulidwa.

5.3 Mayi Mcdonald anati ndi netiweki. Wapampando anakhalabe chiimire, chipewa chili m'manja, mpaka mlembi anafunsa ngati tipitirize.

6. ZIMENE KOMITI YAGWIRIZANA
6.1 Mlandu wa Mayi Alile wathetsedwa. Za sopo ndi kugwada zaiwalika.

6.2 A Mandla anafunsa za a Stefano, poti palibe amene anali atafunsa chiyambire msonkhano. Mayi Alile anati adokotala anena kuti mwendo sadula, koma akanachedwa ola limodzi, bwenzi tikukamba zina. Atanena zimenezi anafunda chitenje kumaso, ndipo msonkhano unaima pang'ono. A Mandla anawasunthira desiki kuti akhalepo. Komiti ikawaona a Stefano Loweruka.

6.3 Minga ichotsedwe lero.

6.4 Pa funso la amene achotse nthambi yoyamba, Wapampando anati ndi iwo monga mutu wa komiti. A Dorika anati Wapampando ndi woganiziridwa pa mlandu, choncho agwirizire ndi wachiwiri. Wapampando anati wokwawa sangatsogolere woyenda choimirira. Mayi Mcdonald anati magazi a bwana ali mwa iwo. Kukambiranaku kunatenga mphindi makumi awiri ndi zisanu, ndipo sikunathe. Mkati mwake Mayi Alile anatsanzika kuti akakonze chakudya cha kuchipatala. Mlembi yekha ndiye anawayankha.

7. ZINA NDI ZINA
7.1 A Mandla, amene anali pawindo, anadziwitsa komiti kuti Mayi Alile akokera minga yonse m'madzi ndi khasu lobwereka, ndipo yapita ndi mtsinje. Anati pamlatho pakudutsa amayi asanu ochokera kuchigayo, madengu ali pamutu, ndipo mmodzi waima pakati akuvina.

7.2 Mamembala onse anapita pawindo.

7.3 Wapampando anapempha kuti zilembedwe kuti Mayi Alile achita zimenezi motumidwa ndi komiti. Mlembi walemba pempholo.

8. MSONKHANO WOTSATIRA
Lachitatu, 7 Febuluwale 2024, 2 koloko masana, pamalo omwewa.

9. KUTSEKA
Msonkhano unatha 4:55 madzulo. Panalibe pemphero lotsekera, chifukwa a Mandla anali atapita kukawoloka.

Zikhalo Gervazio, Wapampando ....................

Sophie George, Mlembi ....................