Tinawasambitsa mayi a Che Ajasi

Amayi anga, kwacha bwanji kumene muliko?

Kuno mtima suli m'malo. Kalatayi ndaiyamba, ndaisiya, ndakasuzumira kumsewu, ndabweranso. Ndiyambe ndi zabwino. Mng'ono wanga Esinati anachira, ndi mwana wamkazi, ndipo mphuno ndi yanu yomwe ija, musakane. Mpunga wa kudambo wamira ndi madzi, chimanga cha kumtunda ndiye chikuyesetsako.

Koma kwabuka kolera, Amayi. Munandisiya ndili namwino wopima ana pasikelo, pano anandiika kuyang'anira anzanga a zaumoyo omwazikana m'chigwa monse, kuyambira ku Naisi mpaka kuseri kwa Malosa. Wina ndi Mtumbuka, wina Mlomwe, ena Ayao, ine mwana wa mayi wa Mvano. Lamya tilibe. Uthenga umayenda ndi makondakitala a minibasi ndi anthu a njinga, ndipo pofika umakhala utazizira kale.

Mmodzi mwa iwo ndi Che Ajasi, Msilamu, amene amagwira ntchito kutsidya kwa mtsinje komwe mlatho unakokoloka. Mayi awo anamwalira ndi matenda omwewa. Lamulo lathu limati mtembo wa kolera usasambitsidwe, ukulungidwe m'pulasitiki n'kuikidwa msanga. Lamulolo ndinawaphunzitsa ndine, ndipo iwo analikakamiza kwa anansi awo mpaka ena anasiya kuwapatsa moni. Tsopano linafika pakhomo pawo. Mawu awo anabwera ndi mayi wogulitsa nthochi: "Mukawauze a Sisitala adzatenge njinga yawo ya boma. Ine mayi anga sapita kumanda osasamba."

Ndinapsa mtima, sindibisa. Che Ajasi akasiya ntchito, kutsidyako kulibe wina amene anthu angamutsegulire chitseko, ndipo odwala azifera m'nyumba mobisa. Ndinafuna kuwayankha ndi lamulo lomwelo. Kenaka ndinakumbukira mawu anu aja, akuti wolira suchita kumuitana, umapita kukakhala naye pansi. Ndinakumbukiranso mmene amayi a Mvano anakusambitsirani inu, akuyimba chapansipansi, ine nditatchinga pakhomo ndi chitenje. Wina akanatiletsa tsiku limenelo, bwenzi nditamuluma.

Ndinawoloka, madzi akulekeza m'chiuno, chigubu cha klorini, mankhwala ophera tizilombo, pamutu. Nditafika sindinatchule za njinga. Ndinakhala pansi ndi azimayi mpaka miyendo inachita dzanzi, kenaka ndinapempha amayi awiri okha mwa osambitsa maliro. Ndinawaveka magolovesi ndi mapulasitiki, ndipo mankhwala m'madzi ndinathira ndekha. Iwo ankasambitsa kuyambira kumanja monga mwa mwambo wawo, ine ndikuthirira madzi, osadziwa pemphero lawo ngakhale limodzi. Wamkuluyo anandiyang'ana n'kuti, "Fundani kumutu, mwanangu, muno muli mayi." Ndinafunda. Madzi osambitsirawo tinawakwirira m'dzenje, ndipo pulasitiki uja anapita pamwamba pa nsalu yoyera.

Amuna atabwerako kumanda, Che Ajasi sanandithokoze ayi. Anangoti, "Tiyeni, kuli makomo ena." Ananditengera m'nyumba momwe odwala anabisidwa kuseri kwa mikeka, ndipo eni ake anatithandiza kuwanyamula okha.

Komabe, Amayi, ndaphwanya lamulo limene ndinaphunzitsa ndi pakamwa panga. Amayi awiri aja akadwala, mlandu ndi wanga. Akuluakulu a ku Zomba sindinawauzebe. Mnzanga Mtumbuka uja watumiza kale mawu kufunsa ngati nayenso alole anthu a kudera lake, ndipo yankho ndilibe. Belu la njinga likangolira kumsewu, ndimathamangira pakhomo mtima uli m'mwamba. Mpaka lero akuti onse awiri akulima bwinobwino, koma mantha sakundichoka.

Mawa ndikwera minibasi kukaulula ndekha kwa akuluakulu aja, asanamve kwa ena. Kaya andikalipira, kaya andibweza ku sikelo, zioneka komweko. Mvula ikakata ndidzabwera ndi Esinati ndi khandalo kudzalambula pamanda panu, limenelo ndi lonjezo. Ndipo mukakumana nawo mayi a Che Ajasi kumeneko, muwalandire bwino. Abwera atasamba.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felesiya