Bukulo Lidikire Arobaini

Lachiwiri, mwezi wa Julayi. Sabata yachitatu chimwalirireni Asiyatu.

Lero kunali mwera, asodzi sanalowe m'madzi. Ndinalibe usipa woyanika, ndipo kukhala manja lende n'kumene kumandipweteka.

Mayi abusa anandipeza ndikukonza thandala loyanikapo nsomba. Anafunsa, "Buku lija mwayamba kuwerenga?" Amanena lija anandibwereka, lokamba za imfa ndi kutonthoza olira. Ndinati, "Ndayamba pang'ono, amayi." Ndinanama. Lili m'sutikesi, pansi pa zitenje.

Sikuti ndikulikana. Koma Asiyatu, amene ndayanika naye usipa zaka zonsezi, anamwalira m'mawa ine ndili ku Lilongwe kogulitsa nsomba. Asilamu sagoneka maliro. Pomwe ndimatsika minibasi pa Salima, anali atamuika kale. Nkhope yake sindinaione. Ndiwerenge bwanji za kutsanzikana pamene ine sindinatsanzike?

Dzulo amayi ake a Asiyatu anandiuza kuti, "Pa arobaini, tsiku la makumi anayi, kuli sadaka. Udzabwere udzatithandize kuphika mpunga, mwanangu. Ndiwe wa m'nyumba muno." Ndiye ndaganiza kuti bukulo ndidzalitsegula ndikadzabwerako. Ndiyambe ndalira ndi amayi amene anamusambitsa, olemba mabuku ndidzawamva pambuyo.

Masana mayi wina anapempha kuti mwera ukaleka aziyanika mbali ya Asiyatu pa thandala lathu. Ndisanaganize n'komwe ndinati, "Pali mwini wake."

Mawuwo sindinawabweze, ndipo mpaka pano sindikufuna kuwabweza...