Mwazula Kalongonda, Mwazula Ntchito Yanga

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Kodi bondo la amayi lija lasiya kuvuta? Ine kuno ndanenepa mpaka mabatani a yunifolomu akupempha chifundo.

Koma mwandipsetsa mtima. Alamu andiuza pafoni kuti mwazula kalongonda yense amene anayanga kumpanda kuseri kwa khola, ati amabisa njoka. Njoka yake iti, achemwali? Zaka zonsezi inaluma ndani?

Tamverani. Kuno ku maiwe a nsomba kumene ndikugwira ntchito, soya wakwera mtengo moti abwana amachita kumuwerenga njere. Ndiye akuyesa mbewu zimene anthu amazinyoza, monga nkhungudzu ndi nzama, kuti nsomba zipezemo chakudya chomanga thupi. Atafunsa wodziwa kalongonda, ine mkono m'mwamba. Ndinawauza kuti kwathu tili ndi munda woti munthu akalowa m'mawa amakatulukira mbali ina atamera imvi. Pomwepo anandichotsa kokolopa matanki n'kundiika pamakina ogaya chakudya. Panopa ndili ndi mpando wangawanga, wa miyendo inayi yonse.

Tsoka ilo, mnzanga wogona naye chipinda, amene ndimamutcha Chimphuno, anagaya kathumba ka kalongonda koyeserera osaviika, osawiritsa. Nsomba zinazunguzika, n'kumasambira chagada ngati alamu tsiku la malipiro. Abwana anakalipa mpaka madzi anachita mafunde. Chimphuno, pofuna kudzipulumutsa, anati vuto ndi mbewu yogula, yabwino ili m'munda mwanga. Basi abwana akuti mvula ikatha abwera okha ndi galimoto kudzauona. Akapanda kuupeza ndibwerera kokolopa, mwinanso ndibwera konko kudzakutherani chakudya, ndipo kadyedwe kanga mukukadziwa.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani kudzala kumene munataya ziyangoyangozo, mutole nyemba zouma zonse, mudzale kumpanda, m'malire, ngakhale pabwalo. Kalongonda safuna feteleza, amamera yekha ngati miseche. Abwana akadzati mundawo wachepa, mudzawauze kuti imeneyo ndi nazale chabe, munda weniweni uli kutsidya kwa mtsinje, koma mlatho unakokoloka.

Moni kwa alamu, awauze ana asamaseke mlendo akamafunsa. Moni waukulu kwa amayi, koma tsiku limenelo mudzawatumize kukacheza kwa azakhali kusanache. Paja iwo bodza silikhala m'kamwa mwawo.

Ndine mlongo wanu wotchuka,
Dokotala wa Nsomba