Nsomba za Kippei Zili M'mwamba

Lolemba, 28 Epulo, 10 koloko m'mawa

Wokondedwa mdzukulu wanga Tetsuro,

Ndikhulupirira uli bwino ku Sapporo kumeneko, pamodzi ndi mkazi wako Chizuru ndi kamwana kanu Kippei. Kodi chifuwa chija chinamusiya? Ine ndilipo, mawondo okha ndiwo akulongolola. Ukaona zilembo zokhota usati ndi ukalamba, ndi mkwiyo.

Ukudziwa kuti kukabadwa mwana wamwamuna, tsiku la ana likamayandikira timamuimikira mlongoti wa nsomba zansalu. Bambo ako tinawaimikira. Iwe ayi, ndipo chifukwa chake nachi. Usanabadwe, malemu agogo ako a Genzo anagulitsa kaphiri ka kuseri kwa nyumba kwa kampani ya matelefoni kuti imangepo nsanja. Anapangana kuti pabwalo pathu pasaime chinthu chotalika kuposa denga, kuopa kutchinga chimbale chawo cholandirira mawu. Iwo nawo analonjeza kuti ngalande yotsika m'phirimo aziikonza chaka ndi chaka.

Ife tinasunga mawu athu. Mkungudza wa pakhomo tinaudula. Nsomba zako tinazipachika pakhonde ngati zochapa.

Kenaka kampani ija inagawika pawiri, ina inatenga mawaya, ina inatenga malo. Chigawikireni palibe anaikhudzapo ngalande. Mvula yapitayi madzi analowa mpaka m'chipinda cha guwa la makolo, mphasa zonse kuwola. Ndinapita kwa a mawaya. Anandiweramira bwinobwino n'kunena kuti ngalande ndi ya a malo. A malo anawerama kuposa pamenepo, akuti lonjezolo linapita ndi a mawaya. Ndinabwerako ndi kathaulo ka mphatso, kaya amati ndipukutire chigumula.

Ndiye chaka chino ndinati Kippei sakhala ngati bambo ake. A Hirabayashi, oyandikana nafe aja, anandidulira nsungwi yaitali ndipo tinaimika. Nsomba zili m'mwamba, yakuda, yofiira, ndi kabuluu ka Kippei.

Lachisanu kunangotulukira galimoto ziwiri. Anthu amene njira ya kuno inawasowa pa nkhani ya ngalande, nsungwi yawakumbutsa. Wa mawaya anati chimbale ndi chawo, choncho pangano ndi lawo, nditsitse. Wa malo anati ayi, pangano limatsata nthaka, wondilamula ndi iyeyo. Anayamba kulimbana pabwalo panga, ali m'masuti, uku akuweramirana.

Ndinawafunsa kuti chimbalecho chimalankhula ndi ndani masiku ano, poti akhwangwala anamangamo chisa kalekale. Wa mawaya, kamnyamata kosakuposa iwe, kanati agogo, pangano ndi pangano, chigwire ntchito chisagwire. Ndinakauza kuti ine si agogo ake, agogo ake akanakaphunzitsa manyazi. Ndinati mwamuna wanga anapangana ndi kampani imodzi, ya mutu umodzi, yodziwa kukumba ngalande. Amene akuti pangano ndi lake atenge fosholo ili apoyo, akamaliza kukumba tikambe za nsungwi. Fosholoyo sanaiyang'ane n'komwe. Nanenso tiyi sindinawapatse.

Chimene anagwirizana ndi chimodzi chokha, chakuti maholide akatha akandisumira kukhoti. Mwayi wake sabata ino maofesi awo atseka, nawonso apita kukaona ana awo.

Tsono tamvera, Tetsuro. Ndikudziwa kuti ntchito yakuchulukira ndipo ulendo ndi wautali, koma usayerekeze kundiuza kuti ndijambule pafoni. Bwera naye mwanayo pasanafike pa 5 Meyi, tsiku la ana lija. A Hirabayashi akuti mapangano otere safa msanga, mwina kukhoti ndikagonja, nsungwi n'kudulidwa. Adule. Koma adzadule Kippei atagona kale chagada pabwalo la makolo ake, ataona nsomba zake zikusambira pamwamba pa denga, zimene iwe tinakumana.

Mikate ya mpunga yokulunga m'masamba ndikonza yambiri. Undiperekere moni kwa Chizuru ndi makolo ake. Makolo athu akusungeni panjira.

Ukawerenga umupatsire mlongo wako Sumire kalatayi, abwere ndi mwamuna wake wa msana wabwino uja. Fosholo ija idakali pomwepo, ikudikira wokumba ngalande.

Ndine agogo ako,
Kameyo