Laputopu Imene Ndinapereka Pamaliro

Mangochi
14 Meyi 2024

Okondedwa achemwali a Ajira,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno amayi ayambanso kudya chichitireni arobaini, sadaka ya masiku makumi anayi ya ababa.

Mumandiseka kuti ndimangoonera timipira pa kompyuta. Lero mumve. M'maselo a thupi lathu muli timaulusi totchedwa akitini, tomwe timathandiza selo kuyenda. Ine ndimayerekezera pa kompyuta mmene mapuloteni ena amagwirira timaulusito ndi kutitaya. Digiri yanga yonse yatsamira pamenepo.

Tsiku la maliro a ababa, Kingstone, mnzanga wa kuntchito, anabwera kudzapepesa. Anakhala ndi azibambo, nkhope ili khuma. Potsanzika anandiitanitsa panja. "Nadia, magetsi akuvuta kuno. Bweretsa laputopu ndikakuyendetsere ntchito yakoyo pa jenereta ya ku ofesi, iwe ulire bwino." Ndinamupatsa ndi manja awiri, ndi pasiwedi yomwe.

Mwezi watha ndinangoona ntchito yanga yalandiridwa ku msonkhano wa asayansi ku Lilongwe. Dzina la Kingstone lokha. Langa mulibe ngakhale pothokoza, ndipo ikatuluka chonchi ine ndilibenso choperekera digiri. Achemwali, munthu kuba pamaliro!

Koma wakubayo anatola mothamanga. Chimene anakopera chinali choyeserera chabe: m'kuyerekezerako ndinachotsamo madzi ozungulira mapuloteni kuti chimalize batire lisanathe. Popanda madzi mapuloteniwo amakakamira pa ulusi ngati nkhupakupa, zokongola kuziona. Ukabwezeramo madzi, monga zilili m'thupi, amataya. Zonse zimene akunyadira nazo n'zabodza.

Dzulo anandipeza pa siteji ya kabaza, thukuta lili kamukamu.

"Nadia, tisadane. Ungondiuza, mafayilo aja ali bwinobwino?"

"Ali bwino kwambiri, achimwene," ndinatero. "Mukalankhule molimba mtima."

Ndalembetsa kale ku msonkhanowo. Ndikakhala mpando wakutsogolo, zotsatira zenizeni zili pamiyendo, ndipo akangomaliza kumuombera m'manja ndikakweza mkono. Ndikufuna ndimuone akusowa poyang'ana.

Amayi akuti ndimusiyire Mulungu, poti mwana wa eni anadzatipepesa. Ndinangoti inshallah. Musawauze zimenezi.

Moni kwa alamu ndi ana. Mundipempherere, koma osati kuti mtima wanga ufewe. Zimenezo mudzapemphe msonkhano ukatha.

Ndine mng'ono wanu,
Nadia