Akufunsira Masaya Anga

Nkhotakota, Ogasiti 1995

Okondedwa achimwene Hassani,

Assalamu alaikum. Muli bwanji ku Joniko, pamodzi ndi alamu anga a Rahila ndi ana? Kuno mayi ali bwino, kupatula bondo lija. Ine ndilipo, Alhamdulillah, kungoti mukanandiona mukanandipitirira panjira.

Matenda anga apezeka dzina tsopano. Madokotala a ku Blantyre akuti ndi vasikulaitisi. Musavutike kufunsa anzanu, sawadziwa. Ngakhale madokotalawo anachita kuitanizana kudzandionerera ngati mvuu yolowa m'tauni. Akuti asilikali a m'thupi mwanga, amene ntchito yawo n'kunditeteza, agalukira n'kuyamba kumenya mitsempha yanga ya magazi. Zilonda za m'miyendo zija, kuwonda kuja, dzanzi la m'zala, gwero lake n'limeneli. Matendawa sapatsirana, komanso satha. Amangogonekedwa ndi mankhwala.

Koma mukudziwa kuti chibwerereni matipate aliyense kuno ali ndi ufulu wolankhula, ngakhale pa mitsempha ya eni ake. Pamene ndinkawonda, tauni yonse inavota kuti ndi kaliwondewonde. Wotsogolera kampeni anali mayi Habiba, amake Fahad, chibwenzi changa chija munkati n'chaulemu. Ndikapita kwawo ankandithirira tiyi m'kapu yangayanga, yapulasitiki yofiira, yokhala pawindo kutali ndi zinzake. Fahad naye, mwamuna wa ndevu zake, anangopezeka kuti ntchito zamuchulukira ku Dwangwa. Za nikaha, ukwati wathu uja, zinangoti zii.

Tsono imvani izi. Mapiritsi amene andipatsa amatupitsa nkhope. Masaya angawa afufuma ngati mandasi. Lachisanu lapitali mayi Habiba anandiona pamsika, n'kundikokera kunyumba kwawo. Anandigwira tsaya ngati akusankha papaya, n'kumati Mashallah, mwana wanenepa, iwo ankadziwa kale kuti anthu akungonama. Tiyi anabwera m'kapu yagalasi ya alendo.

Ndinawapempha mwaulemu wonse kuti andipatse yofiira ija, popeza ndinaizolowera. Anati inasweka. Pulasitiki, achimwene! Ndi digiri yanga yonseyi sindinamvepo zoterozo. Kapuyo inali pawindo pomwepo, ataikamo misuwachi, ikundiyang'ana.

Ndamva kuti akulemberani, poti ndinu nkhoswe yanga, kuti nkhani iyambirenso. Chonde, akaneni.

Ndikuuzeni zimene mayi athu sindinawauze. Ndili ndi mantha. Masiku ena choko chimandipulumuka m'manja ana a Fomu 4 akuona, ndiye ndimakalipira wina kumbuyo kuti asaone zalazo zikunjenjemera. Adokotala akuti aziyeza impso zanga pafupipafupi, ndipo ponena zimenezi sanamwetulire. Akutinso akadzachepetsa mapiritsi masayawa adzaphwa, matendanso akhoza kudzuka. Tsiku limenelo ndidzafuna munthu wondiperekeza pabasi mpaka ku Blantyre, osati wothawira m'minda ya nzimbe.

Chochititsa manyazi n'chakuti Fahad ndimamukondabe. Musandifunse chifukwa, nanenso ndadzifunsa mpaka kutopa. Akabwera yekha, n'kupendeketsa kamutu kake kaja, n'kunditchula dzina pang'onopang'ono, ndikudziwa ndilola. Kenako ndidzawonda ndili m'nyumba mwawo, kapu yofiira n'kutsika pawindo. N'chifukwa chake ndikufuna mukane inuyo, msangamsanga, ine ndisanapuse. Ndikadzakulemberani kalata ina yolira kuti ndasintha maganizo, mudzayatsire mbaula.

Mayi Habiba akaumirira, auzeni kuti chimene akufunsiracho chili m'kabotolo patebulo panga. Abwere adzatenge, akamwetse mwana wawo, anenepe yekha, amugwire tsaya mpaka akhute.

Allah akusungeni kumeneko. Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo kamwana kathu Ummy mukauze kuti azakhali ake akadali okongola, mbali zonse ziwiri.

Ine mlongo wanu wa masaya obwereka,
Zahra